Nthabwala za Ndale m'Cimangirizo Copemphera Malo ku Koleji

M'mwezi wa Okutobala, mwera utaleka, pamene asodzi a ku Senga Bay amacezera pamadzi ndi nyali zao, mwana wa mlongo wanga anadza kwa ine ku Salima ali ndi mapepala awiri m'manja. Anati, "Atsibweni, ndalemba cimangirizo copemphera malo ku koleji ya ku America. Amai akuti ndicing'ambe. Tawerengani inu, mutiweruze." Ndinawerenga, ndipo ndinaseka katatu. Nditatha kuseka ndinakhala cete, pakuti ndinaona kuti mlandu umene anandipatsa unali wolemera: ngati cimangirizoco cikanidwa, mnyamatayo abwerera ku bwato la atate wace ndi setifiketi yace yabwino m'thumba.

Inu abale amene mwaphunzira kuwerenga mutakula, m'sukulu za kwaca, mlandu wotere ungakufikeni inunso, cifukwa ana akaona kuti makolo ao adziwa zilembo amayamba kuwaonetsa zimene alemba. Cifukwa cace ndiyambe ndalongosola cimene cimangirizo cotere ciri.

Kuno kwathu, mwana akafuna malo ku yunivesite ya Boma salemba nkhani ya moyo wace ai. Amalemba pa fomu maphunziro amene akufuna, ndipo bungwe la National Council for Higher Education limayendetsa kasankhidwe poyang'ana makhozedwe ace pa mayeso a MSCE. Koma makoleji a maiko ena, ndi mabungwe amene amalipirira ana osauka, monga Mastercard Foundation imene imathandiza ophunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Ashesi m'dziko la Ghana, amafuna kumva mau a mwanayo mwini wace. Makoleji ambiri a ku America amalandira ophunzira kudzera pa fomu imodzi yochedwa Common Application, ndipo pamenepo cimangirizo sicingapitirire mau 650. Mau 650 ndi ocepa ndithu. Masamba awiri cabe. M'masamba awiriwo mlendo amene sanaonepo Nyanja ya Malawi ayenera kumdziwa mwanayo, nakhulupirira kuti ndalama zao sizidzatayika pa iye.

Njira imeneyi si yacilendo kwa ife. Legson Kayira, amene anacoka kumpoto kwa Nyasaland wapansi m'caka ca 1958, atafika ku Kampala anapeza m'nyumba yowerengeramo mabuku dzina la koleji ya Skagit Valley, nalembera kalata akuluakulu ace. Iwo anampatsa malo, ndipo anafika ku America m'caka ca 1960. Anthu amene anamlandirawo anali asanamuone nkhope. Cimene anaona ndi kalata yace yokha.

Tsono cimangirizo ca mwana wa mlongo wanga cinali m'Cingerezi, koma ndikuuzani za m'kati mwace m'cinenero cathu. Cinayamba ndi nthabwala ya mtsogoleri wa cipani cina, amene anamchula dzina, namfanizira ndi ng'ona imene imalira misozi iri kudya mbuzi. Pakati pace munali nthabwala yaciwiri, yopotoza mau amene cipani cina cimapfuula pamisonkhano yace. Kumapeto kunali nkhani ya thanga. M'caka ca 2024, petulo atasowa m'dziko monse, injini ya bwato la atate wace inakhala pamcenga masabata ambiri. Agogo ace akazi anaturutsa nsaru zimene anazilandira pamisonkhano ya zisankho za 2014, 2019 ndi 2020, nsaru za zipani zitatu zosiyana, ndipo mnyamatayo ndi atate wace anazisoka pamodzi nakonza thanga. Analemba kuti tsiku limenelo ndilo loyamba limene iye anaona zipani zitatu zirikukokera mbali imodzi.

Mlongo wanga sanafune ngakhale imodzi ya nthabwalazi. Ndinapita kwace Loweruka lotsatira, ndipo anandiuza ali kutembenuza usipa pathandala, nati, "Acimwene, inu mwaiwala kodi? Za ndale sitiseka nazo papepala. Pakamwa ungakane, koma pepala liri ndi dzina lako."

Sindinaiwale, ndipo sindingamnyoze mlongo wangayo. Ife amene tinakula m'nthawi ya cipani cimodzi tikudziwa kuti munthu amatha kugona m'ndende cifukwa ca mau amene ananena moseka pa mowa. M'caka ca 1968 Boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, masewero ndi mafilimu, ndipo alembi anaphunzira kubisa cimene akunena m'mafanizo a nyama ndi nthano. Jack Mapanje, mwana wa kunyanja ngati ife, wa ku Kadango m'boma la Mangochi, anasindikiza buku lace la ndakatulo lochedwa Of Chameleons and Gods ku London m'caka ca 1981. Dzina lomwelo liri ndi nanzikambe, kanyama kosintha maonekedwe. Koma kusintha maonekedwe sikunampulumutse. Anamgwira ku Zomba m'Sepitembala 1987, ali mkulu wa gawo la Cingerezi ku Chancellor College, ndipo anakhala ku Mikuyu kufikira m'Meyi 1991 osaonekera kubwalo la milandu. Mai amene anamva zimenezo ali mtsikana sangaone mwana wace alikuseka mtsogoleri papepala, mtima wace nukhala m'malo.

Zinthu zinasintha. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri, ndipo malamulo akulu a dziko a 1994 anapatsa munthu ali yense ufulu wonena maganizo ace. M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inacotsa m'buku la milandu mlandu wa kuukira Boma ndi mau. Komabe mantha a mlongo wanga sanathe maziko. M'Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi anaitana mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kukamfunsa za citsanzo cimene anapereka m'kalasi, ndipo mkangano umene unabuka pamenepo unaimitsa maphunziro miyezi yambiri. M'caka ca 2024 bwalo la milandu m'boma la Dowa linapeza munthu wina wolakwa cifukwa ca kanema woseketsa wa Pulezidenti wa nthawi imeneyo amene anamtumiza pa gulu la WhatsApp pamodzi ndi mau onyoza.

Ngakhale ziri conco, ndinamuuza mlongo wanga kuti mantha asakhale woweruza pa mlandu uwu. Cimangirizo copemphera malo sicisindikizidwa m'nyuzipepala. Amaciwerenga anthu owerengeka m'ofesi ya koleji, kutali ndi kuno. Ndipo mwana wa msodzi atacotsa ndale zonse m'nkhani ya moyo wace, angatsale ndi ciani? Mtengo wa petulo ndi ndale. Mtengo wa ukonde, umene unakwera ndalama yathu itatsitsidwa mphamvu m'Novembala 2023, ndi ndale. Mseu umene anthu amalonjezedwa pa cisankho ciri conse ndi ndale. Mwana amene alemba ngati kuti zonsezi sizimkhudza amaturutsa cimangirizo cosalala ngati mwala wa m'madzi, copanda pogwira, ndipo wowerenga amaciiwala asanatsegule cotsatira. Funso loyenera ndi ili: kodi nthabwala iriyonse ikugwira nchito imene cimangirizoco cinalembedwera?

Poyankha funsoli tiyambe taganiza za kumene nthabwala zimakhala m'mudzi mwathu, pakuti makolo athu sanali anthu oopa kuseka akulu. Msuweni amanyoza msuweni wace poyera, namuuza mau amene atanena munthu wina pangabuke mlandu. Onse amaseka cifukwa adziwa cibale cao. Adzukulu pamaliro amacita zoseketsa pakati pa anthu olira, ndipo palibe amene amawadzudzula, cifukwa mwambo unawapatsa danga limenelo. Amai pamtondo amaimba nyimbo yodzudzula mwamuna waulesi, mwina mfumu yokondera, osachula dzina, mwini wace namva ali kuseri kwa nkhokwe. Pa bwalo la Gule Wamkulu zirombo zimaseka mlendo wodzikuza, munthu woledzera, ngakhale olamulira. Amene anapita ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'caka ca 1976, anaona kuculuka kwace kwa nkhope zimenezo. Koma cirombo cimacokera kudambwe, ndipo palibe amene angaciitane kubwalo la mfumu ndi dzina la munthu. (Za kudambwe ndilekere pomwepa, eni ace alipo.) Ngakhale Izeki ndi Jakobo, amene anaseketsa dziko lonse zaka zambiri, ankalankhula kwa anthu amene anali kudziwa kale cimene cikunenedwa, theka la nthabwala linali m'mitu ya omvera.

Mwaona kuti nthabwala iriyonse ya kwathu iri ndi nyumba yace: cibale, mwambo, cobisalira, kapena omvera odziwa nkhani. Tsono wolemba cimangirizo alibe ngakhale cimodzi ca izi. Wowerenga si msuweni wace. Dzina lace liri pamwamba pa pepala, monga ananenera mlongo wanga. Ndipo iye ndi mlendo wopempha malo pakhomo pa eni, kumene akulu anati kulibe mkuwe. Nthabwala imene ingakhale moyo m'malo otere ndi yokhayo imene yanyamula nyumba yace pamsana, ndiye kuti imene mlendo angaimve yonse popanda wina womfotokozera.

Tiyeni tiziyese zitatu zija.

Ya ng'ona ndiyo inandiseketsa kwambiri, ndipo ndiyo ndinayamba kuicotsa. Ndinamfunsa mnyamatayo kumene anaitenga. Anazengereza, kenaka anabvomera kuti anaiona pa lamya, anzace atamtumizira. Ici ndico cirema cace cacikulu. Nthabwala imeneyo inayenda m'malamya ambirimbiri isanafike kwa iye. Ndi cobvala cobwereka, ndipo waciika pakhomo penipeni pa cimangirizo, pamene wowerenga akufuna kuona nkhope ya mwini nyumba. Mau 70 oyamba, mwa mau 650 aja, anathera pa munthu amene sakupempha malo ku kolejiyo. Wowerenga wa ku America mwina sanamvepo dzina la mtsogoleriyo. Ngati sanalimve, adzaona mnyamata alikunyoza munthu wacikulire popanda kupereka cifukwa. Ngati analimva, angakhale ndi maganizo ace pa iye, ndipo mnyamatayo sangadziwe kuti ndi otani. Palinso cina. Koleji ndi mudzi wa anthu osiyana zipembedzo ndi zipani, ogona m'cipinda cimodzi. Osankha ophunzira amadzifunsa kuti, kodi uyu adzakhala bwanji ndi mnzace wosiyana naye maganizo? Munthu amene mau ace oyamba ndi kucha mnzace ng'ona wayankha funsolo mosadziwa.

Sindikunena kuti mtsogoleri sayenera kudzudzulidwa. Mnyamatayo akadalemba kuti, lonjezo lakuti linaperekedwa pa doko lathu caka cakuti, ndipo kufikira lero silinacitike, ndipo cotsatira cace pa banja lathu ndi ici, akadakhala atanena cinthu colemera koposa ng'ona khumi. Dzina lacipongwe liribe umboni. Limangoonetsa mbali imene wolemba waima.

Yaciwiri sinafune mlandu wautali. Kukoma kwace konse kunali m'kufanana kwa mau awiri a Cicewa. Ataiika m'Cingerezi anayenera kulemba mizere inai yofotokoza cifukwa cace iri yoseketsa, ndipo pofika mzere wacinai inali itafa kale, monga usipa umene wacezera m'bwato. Ndinaseka ine cifukwa ndinaibwezera m'Cicewa m'mutu mwanga. Mnyamatayo anaicotsa yekha osadandaula.

Pa ya thanga ndipo ndinalimbana ndi mlongo wanga, ndipo ndikali kunena kuti ndiyo mtima wa cimangirizo conse. Taonani zimene ikucita. Siichula munthu kapena cipani. Ikuseka zipani zonse mofanana, ndiponso ikuseka banja la wolemba lomwe, pakuti agogo aja analandira nsaru kwa onse atatu osakana ngakhale mmodzi. Munthu wodziseka yekha omvera amamkhulupirira msanga. Siifuna womasulira: munthu wa dziko liri lonse kumene kuli zisankho adziwa kuti zipani zimakokerana, ndipo angathe kuona m'maganizo mwace bwato liri pamadzi ndi nkhope zitatu zotupa ndi mphepo. Palibe wina amene akadailemba, cifukwa inacitika pa bwato limodzi lokha. Ndipo koposa zonse, pansi pa kusekako pali zinthu zoona zimene wowerenga ayenera kuzidziwa: kuti banjali limadya za m'nyanja, kuti petulo akasowa mumzinda njala imafika kudoko, ndi kuti mnyamata uyu, injini italeka, anatenga singano. Iye akupempha kukaphunzira za makina, ndipo akuti afuna kudzapanga injini za mabwato zoyendera mphamvu ya dzuwa. Wowerenga akafika pa pempho limenelo ataona kale thanga lija, sadzafunsa kuti maganizowo anacokera kuti.

Komabe ngakhale nkhani ya thangayi inali ndi zirema ziwiri, ndipo sindinamnyengerere. Coyamba, anaibisa kumapeto, ngati munthu amene waika ndiwo pansi pa mbale, nsima pamwamba. Ndinamuuza kuti aikweze ikhale poyambira, pamalo pamene panali ng'ona. Caciwiri, atatha kunena za zipani zokokera mbali imodzi anaonjeza mizere itatu yolalikira, yakuti andale onse ndi akuba ndi onama, ndi kuti acinyamata okha ndiwo adzapulumutsa dziko. Mizere imeneyi inaononga cimene nthabwala inamanga. Nthabwala inanena mofatsa, ndipo wowerenga anamva. Kubwereza mokalipa kuli ngati kumenya ng'oma gule atatha. Ndiponso mau akuti "onse ndi akuba" si oona, ndipo mnyamatayo sangawatsimikize. M'malo mwace ndinampempha alembe zimene anaphunzira pa thangalo: kuti nsaru ya citenje ikanyowa imalemera, kuti msoko woyamba unang'ambika asanapitirire miyala ya kufupi ndi gombe, kuti anabwerera nasokanso ndi ulusi wa ukonde. Zimenezi ndizo zimaonetsa munthu amene angapirire zaka zinai za maphunziro.

Pali mau amodzi amene ndinamcenjeza nao, ndipo ndikucenjezani inunso makolo. Zimene ndanenazi ndi za cimangirizo copita kutali. Mwana akalemba kalata yopempha thandizo ku ofesi ya kuno, kumene wowerenga angakhale munthu wa cipani cimodzi mwa zitatu zija, kapena wopatsidwa nchito ndi ico, muyeso usinthe. Kumeneko ngakhale thanga lingaoneke ngati mwano, pakuti wowerenga adzafuna kudziwa kuti nkhope ya mtsogoleri wace inali pamwamba kapena pansi pa msoko. Ndipo fomu imene ikungofunsa maina, zaka ndi magiredi iyankhidwe zimene yafunsa. Nthabwala pamenepo iri ngati kubvina pa bwalo la milandu.

Mlongo wanga anamvetsera zonsezi osaleka nchito yace. Pomariza anati, "Cabwino, thanga likhale. Koma mitundu ya nsaruzo asaichule." Mnyamatayo anali atalemba mitundu yonse itatu, ndipo anakana, nati mitunduyo ndiyo imacititsa kuti wowerenga alione thangalo ndi maso. Pa luso la kalembedwe iye analondola, ndipo ndinamuuza conco pamaso pa amai ace. Koma kuno kwathu kuchula mtundu wa nsaru ndi kuchula cipani, ndipo mai amene anagona ndi mantha zaka makumi atatu ali ndi gawo lace pa kalata ya mwana wace. Tinagwirizana kuti alembe "nsaru zitatu za mitundu itatu," wowerenga adzipentere yekha.

Anakalembanso usiku umenewo pa lamya yace, nabwera m'mawa kudzandiwerengera. Tinawerenga mau limodzi ndi limodzi: anakwana 612. Ng'ona munalibe. Agogo ace, atamva kuti nsaru zao zirikupita ku America, anafunsa ngati Azunguwo adzabweza zina, popeza pa cisankho ca 2025 analandira imodzi yokha.